Malipiro a loya ku New York: zimatsala zingati m'thumba, nanga munthu akhale kuti?

Funso: Ndikumaliza maphunziro a zamalamulo ku America, ndipo kampani ina yaikulu ya maloya ku Manhattan yandilonjeza ntchito ya malipiro a $225,000 pachaka. Sindili pabanja, ndipo ndili ndi ngongole ya sukulu ya pafupifupi $200,000. Kodi ndalama yeniyeni imene izilowa m'thumba mwanga pamwezi ndi zingati? Nanga ndifune nyumba ku Manhattan komweko, kapena ndimvere anzanga amene akuti kukhala ku New Jersey, kutsidya kwa mtsinje wa Hudson, kumapulumutsa ndalama?

Yankho: Misonkho yonse ikachotsedwa, muzitsala ndi pafupifupi $12,000 pamwezi. Mukapatulapo ya penshoni, ya inshuwalansi ya kuchipatala ndi yobweza ngongole ija, m'manja mwanu muzitsala pakati pa $8,000 ndi $8,500. Nambala yachiwiriyi ndiyo muyenera kuigwira pamtima pofuna nyumba, chifukwa eni nyumba ndi maejenti awo adzakuwerengerani pa $225,000 yolembedwa m'kalata ya ntchito, imene siidzafika yathunthu ku akaunti yanu ngakhale chaka chimodzi.

Malipiro amene akulonjezaniwo si apadera kwa inu nokha. Makampani aakulu a maloya ku America amatsanzirana pa malipiro, ndipo mlingo wake umatchedwa ndi dzina la kampani ya Cravath, Swaine & Moore, ngakhale kuti m'zaka zaposachedwa imene yakhala ikuyambitsa kukweza ndi kampani ina ya maloya, Milbank. Loya woyamba kumene ankalandira $160,000 kuyambira mu 2007, ndipo ndalamayi inaima pomwepo kwa zaka zisanu ndi zinayi kufikira mu 2016 pamene inafika pa $180,000. Kenaka inakwera kufika pa $190,000 mu 2018, $205,000 mu 2021, $215,000 mu 2022, ndipo $225,000 inalengezedwa kumapeto kwa 2023. Pa mlingo womwewo, wa chaka chachiwiri amalandira $235,000, wa chachitatu $260,000, wa chachinayi $310,000, wa chachisanu $365,000, mpaka $435,000 kwa wa chaka chachisanu ndi chitatu. Malipirowa amatsata chaka chimene munthu anamaliza sukulu, kotero palibe chokambirana kapena kunenerera: mnzanu amene munali naye m'kalasi azilandira chimodzimodzi ndi inu, kaya ndi wakhama kukuposani kapena ayi. Ndikumbutsenso kuti maloya ambiri a ku America salandira ngakhale theka la ndalamayi poyamba ntchito, ndipo mfundo imeneyi idzakukhudzani tsiku limene mudzaganize zochoka pakampanipo.

Tsopano tiwerengere limodzi, potsata malamulo a msonkho a 2024 a munthu wosakwatira. Malire ake amasuntha pang'ono chaka ndi chaka, koma chithunzi chake sichisintha kwenikweni. Woyamba kutenga gawo lake ndi boma la dziko lonse. Pa $225,000 amayamba achotsapo $14,600 yosakhomedwa msonkho, n'kutsala $210,400, ndipo imeneyi amaikhoma m'magawo: 10 peresenti pa gawo lapansi, kenaka 12, 22, 24, ndipo ndalama yopitirira $191,950 amaikhoma 32 peresenti. Zonsezi zikaphatikizidwa zimakwana pafupifupi $45,000. Anthu ambiri amasokonezeka apa poganiza kuti 32 peresentiyo ikhudza malipiro onse, pomwe imangokhudza $18,450 yapamwambayo.

Pambuyo pake pamabwera Social Security, thumba la boma la penshoni, imene imatenga 6.2 peresenti koma imalekera pa $168,600, ndiye kuti $10,453 pachaka. Medicare, inshuwalansi ya boma ya kuchipatala ya okalamba, imatenga 1.45 peresenti ya malipiro onse, kuonjezapo 0.9 peresenti pa ndalama yopitirira $200,000, ndipo zimakwana pafupifupi $3,500. Boma la New York State limatenga pafupifupi $13,000. Pomaliza pali msonkho umene obwera kumene ambiri saudziwa n'komwe, wa mzinda wa New York, umene umakhomedwa kwa aliyense wokhala m'zigawo zisanu za mzindawu, zomwe ndi Manhattan, Brooklyn, Queens, Bronx ndi Staten Island. Umayambira pa 3.078 peresenti n'kufika pa 3.876 peresenti, ndipo kwa inu ukhala pafupifupi $8,300. Misonkho yonseyi pamodzi ikupitirira pang'ono $80,000, kapena kuti pafupifupi 36 peresenti ya malipiro anu, ndipo chotsala ndi pafupifupi $145,000 pachaka. Apa ndi pamene pakuchokera $12,000 ya pamwezi ija.

Pali tinthu tiwiri timene timadabwitsa anthu pa pepala la malipiro. Popeza Social Security imalekera pa malire aja, munthu wolandira $18,750 pamwezi amawafika chaka chisanathe (mu 2024 kunali kumapeto kwa Seputembala), ndipo kuyambira pamenepo ndalama yolowa m'thumba imakwera ndi madola opitirira chikwi pamwezi, kenaka n'kutsikanso mu Januwale. Musadzayese kuti akukwezerani malipiro. Kachiwiri, maloya atsopano amayamba ntchito cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo msonkho umadulidwa ngati kuti munthu walandira malipirowo chaka chonse, choncho m'chaka choyambacho ambiri amabwezeredwa ndalama akapereka mafomu a msonkho, zomwe sizichitikanso chaka chotsatira.

Za bonasi ndinene mosapsatira kuti musaiwerengere pa lendi. M'zaka zaposachedwa makampani otsata mlingowu akhala akupereka $20,000 kwa amene wamaliza chaka chathunthu choyamba, ndipo imakwera mpaka $115,000 kwa amene akhalitsa. Koma m'makampani ambiri bonasi imadalira kuti munthu wakwanitsa maola amene kasitomala angalipiritsidwe, nthawi zambiri 1,900 kapena 2,000 pachaka, ndipo ntchito ikachepa m'dipatimenti yanu maolawo sakwana ngakhale inu mulibe mlandu. Ikabwera, imagwera pamwamba pa malipiro pamene misonkho yonse pamodzi imatenga pafupifupi 45 peresenti, kotero pa $20,000 mudzaonapo pafupifupi $11,000. Palinso msampha wina: pa bonasi, olemba ntchito ambiri amadula 22 peresenti yokha ya boma la dziko lonse, pomwe inu muli pa 32, ndiye kuti chotsalacho chikhoza kudzakupezani mu Epulo, nthawi yopereka mafomu a msonkho.

Kuchokera pa $12,000 ija, yoyamba kupatula ndi ya penshoni ya 401(k). Mu 2024 lamulo linkalola munthu kuikamo mpaka $23,000 pachaka, ndipo popeza ndalamayi imachoka msonkho usanadulidwe, kudzaza mlingo wonsewo kumachepetsa ya m'thumba ndi pafupifupi $1,150 pamwezi basi, osati $1,900. Makampani ambiri aakulu a maloya saonjezerapo kanthu pa penshoni ya maloya olembedwa ntchito, koma ngakhale zili choncho, ndimalangiza aliyense wolipira msonkho wokwera chotere kuti adzaze. Inshuwalansi ya kuchipatala imadalira kampani ndi mtundu umene mwasankha. Ndiye pali ngongole yanu: tiyerekeze kuti chiwongoladzanja chake ndi 7 peresenti ndipo mukufuna kuimaliza m'zaka khumi, ndiye kuti muzilipira pafupifupi $2,320 pamwezi, ndipo m'chaka choyamba pafupifupi theka la ndalama imeneyi lizipita ku chiwongoladzanja chokha. Pa malipiro anu, boma silikulolani kuchotsera chiwongoladzanjachi pa msonkho. Umu ndi mmene $225,000 imafupikira kufika pa $8,000 ndi mazana angapo.

Nkhani ya nyumba imayambira pa lamulo losalembedwa la eni nyumba a ku New York, loti malipiro a pachaka a wochita lendi akhale owirikiza ka 40 lendi ya pamwezi. Pa malipiro anu, ndiye kuti adzakuvomerani pa nyumba ya $5,625 pamwezi, ndipo ejenti adzakuonetsani nyumba za mtengo umenewo mokondwa, zokhala ndi mlonda pakhomo, chipinda cholimbitsira thupi ndi mawindo oyang'ana mtsinje wa Hudson. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la 40 lija linapangidwa kuti liteteze mwini nyumba, silidziwa za ngongole yanu ndipo siliwerengera msonkho wa mzinda. Mukatenga nyumba ya $5,625, muzitsala ndi pafupifupi $2,700 pamwezi ya chakudya, magetsi, foni, zovala za ku ofesi, maulendo ndi kuthandiza abale, ndipo simudzasunga kanthu kooneka. Mukatenga ya $3,500, muzitsala ndi $4,800. Kusiyana kwake ndi $25,000 pachaka, ndipo m'zaka zitatu ndi ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongole yanu yonse.

Kupeza nyumba ya $3,500 sikophweka, ndipo sindikufuna kukunamizani. Lendi ya pakatikati ku Manhattan inafika pa $4,000 pamwezi mu 2022, ndipo nyumba ya chipinda chogona chimodzi m'nyumba zatsopano zosanjikizana imaposa pamenepo. Pa ndalama ndikunenayi mukhoza kupeza kanyumba ka chipinda chimodzi chokhala chogona ndi chochezera chomwe, kapena nyumba yakale yopanda chikepe, monga zimapezeka kum'mawa kwa dera la Upper East Side ku Manhattan, kapena kugawana nyumba ya zipinda ziwiri ndi mnzanu. Njira yogawanayi maloya ena achinyamata amaiona ngati yochotsa ulemu, koma munthu amene azichoka m'mawa n'kubwera usiku sagwiritsa ntchito chipinda chochezera mokwanira kuti achilipirire yekha. Ngati mutapeza nyumba imene lendi yake imayang'aniridwa ndi lamulo, ndipo mumzindawu zilipo pafupifupi miliyoni imodzi, musachedwe, chifukwa lendi yake imakwera pa mlingo umene bungwe la mzinda limakhazikitsa chaka ndi chaka, ndipo mwini nyumba sangakukanizeni kupitiriza mgwirizano popanda chifukwa chovomerezeka.

Polowa m'nyumba, lamulo la boma la New York la 2019 limati dipoziti isapitirire lendi ya mwezi umodzi, ndipo ndalama yofufuzira mbiri yanu isapitirire $20. Kwa zaka zambiri wochita lendi ankalipiranso ejenti mpaka 15 peresenti ya lendi ya pachaka ngakhale ejentiyo atatumidwa ndi mwini nyumba, koma kuyambira mu Juni 2025 lamulo la mzinda lotchedwa FARE Act limati wolipira ejenti ndi amene wamulemba. Konzekeranibe ndalama ya miyezi iwiri pamodzi, ndipo kumbukirani kuti pakati pa kumaliza sukulu mu Meyi, kulemba mayeso a chilolezo cha uloya kumapeto kwa Julayi ndi kuyamba ntchito, padzapita miyezi ingapo yopanda malipiro. Makampani ambiri amapereka ndalama yothandizira nyengo imeneyi, koma funsitsani ngati ili mphatso kapena ngongole imene adzaidule pa malipiro oyamba.

Tibwere ku New Jersey. Anzanuwo sakunama, koma n'kutheka kuti akukuza nkhaniyo. Munthu wogwira ntchito ku Manhattan koma akukhala ku Jersey City kapena Hoboken salipira msonkho wa mzinda wa New York, chifukwa msonkho wa obwera kudzagwira ntchito kuchokera kunja kwa mzinda unathetsedwa mu 1999. Msonkho wa New York State wokha amalipirabe, popeza ndalamayo yapezedwa ku New York, ndipo New Jersey imamuchotsera zimene walipira kale kutsidyako, moti pa malipirowo sipatsala zambiri zoti alipirenso. Chopulumuka ndi $8,300 ija, kapena kuti pafupifupi $690 pamwezi. Musaganize kuti masiku ogwirira ntchito kunyumba adzachepetsa msonkho wa New York State: bomalo limawerenga masiku amenewo ngati ogwirira ku ofesi, pokhapokha ngati ndi kampani imene ikufuna kuti mugwirire kwinako pa zifukwa zake. Muzidzazanso mafomu a msonkho a maboma awiri chaka chilichonse. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2025 malire a misonkho ya boma laling'ono ndi ya mzinda imene munthu angachotsere pa msonkho wa dziko lonse anakwera kuchoka pa $10,000 kufika pa $40,000 kwa olandira zosapitirira $500,000, ndipo kusinthaku kumabwezera wokhala mumzinda kagawo ka msonkho uja, kotero phindu la kutsidya limacheperako.

Madola 690 pamwezi ndi ndalama ndithu, koma eni nyumba a m'mphepete mwa mtsinje ku Jersey City ndi Hoboken amaidziwanso, ndipo lendi za nyumba zoyandikira masiteshoni a sitima ya PATH, yolumikiza New Jersey ndi Manhattan, sizisiyana kwambiri ndi za mbali zina za Manhattan. Phindu lenileni la New Jersey limakula ndi malipiro. Loya wa chaka chachisanu wolandira $365,000 ndi bonasi ya $90,000 amalipira mzinda ndalama yopitirira $17,000 pachaka, ndipo pa msinkhu umenewo, makamaka ngati wakwatira ndipo akufuna zipinda zambiri, kuwoloka mtsinje kumayamba kumveka. Chimodzimodzi ndi Westchester kapena Long Island, madera a kunja kwa mzinda, kumene anthu amapita ndi sitima za Metro-North ndi LIRR, ngakhale kuti kumeneko kumayenera mabanja kuposa munthu amene ali yekha. Chenjezo limodzi: ngati mwalembetsa kuti mumakhala ku New Jersey koma muli ndi nyumba ina yokhazikika mumzinda ndipo mumapezekamo masiku opitirira 183 pachaka, a msonkho adzakuwerengani ngati wokhala mumzinda, ndipo loya wogwidwa ndi bodza la msonkho amaika pachiswe chilolezo chake cha ntchito.

Kwa ine, chimene chiyenera kulamula kwambiri kuposa msonkho ndi malo amene ofesi yanu ili, ndipo simunanditchulire. Kuti mulembe maola 2,000 olipiritsa, mudzakhala pantchito maola ochuluka kuposa amenewo, ndipo masabata ena muzituluka pakati pa usiku n'kufunikanso m'mawa. Munthu wotere nthawi ya paulendo amaichotsa pa tulo. Makampaniwa sali pamalo amodzi. Sullivan & Cromwell ili ku Broad Street, kumunsi kwa Manhattan, ndipo wogwira ntchito dera limenelo amafika msanga kuchokera ku Jersey City pa sitima ya PATH yopita ku World Trade Center, kapena kuchokera ku Brooklyn Heights ndi Downtown Brooklyn. Davis Polk ili ku Lexington Avenue pafupi ndi Grand Central, ndipo kumeneko Long Island City ya ku Queens ili siteshoni imodzi yokha pa sitima nambala 7, pomwe Upper East Side ili pa mzere wa sitima za 4, 5 ndi 6. Cravath, Skadden ndi Milbank zili kumadzulo, ku Manhattan West ndi Hudson Yards, pafupi ndi Penn Station, ndipo kumeneko Chelsea ndi Hell's Kitchen ndi koyenda wapansi, pamene wochokera ku Hoboken amatsikira ku 33rd Street n'kuyendako pang'ono. Lamulo langa ndi loti nyumba ikhale pa mzere umodzi wa sitima, popanda kusintha, ndipo ulendo wonse kuchokera pakhomo kufika pa desiki usapitirire theka la ola. PATH imayenda usiku wonse, koma usiku kwambiri ndi kumapeto kwa sabata sitima zimatalikirana, ndipo usiku kwambiri ya ku 33rd Street imazungulirira ku Hoboken. Makampani ambiri amalipira galimoto yobwerera kunyumba kwa wotuluka mochedwa, zimene zimapeputsa vutoli, koma funsani kuti zimayamba ola liti.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukuumirirani pa lendi yotsika n'chakuti ntchito imeneyi ambiri sakhalitsapo. Kufika pokhala mmodzi wa eni kampani kumatenga zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo, ndipo amafikako ndi ochepa. Ambiri amachoka pasanathe zaka zisanu, ena mwa kufuna kwawo chifukwa cha kutopa, ena chifukwa ntchito yachepa, monga zinachitikira mu 2009 pamene makampani aakulu anachotsa maloya ambiri ndi kuchedwetsa tsiku loyambira la amene anali atawalonjeza kale ntchito. Ntchito zimene anthu amapitako, monga uloya wa m'kampani ya malonda, wa boma kapena wa mabungwe othandiza anthu, zimalipira zochepa, zina theka kapena kucheperapo. Amene anazolowera nyumba ya $5,600 ndipo ngongole idakali pamutu, amapezeka kuti sangathe kuchoka ngakhale thupi litakana. Ngati si inu nzika ya America ndipo mudzagwira ntchito pa viza ya H-1B, nkhaniyi ikulemera kwambiri, chifukwa ntchito ikatha lamulo limakupatsani masiku osapitirira 60 kuti mupeze ina kapena musinthe chilolezo chokhalira m'dzikomo. Choncho musanayambe kuthamangitsa ngongole, sonkhanitsani ndalama yokwanira miyezi isanu ndi umodzi ya lendi ndi chakudya, kenaka yotsala yonse pamodzi ndi bonasi muziiponya ku gawo la ngongole limene lili ndi chiwongoladzanja chokwera kwambiri.

Mwina wina adzakuuzani kuti ofesi za ku Houston ndi Dallas za makampani ambiri otere zimalipira $225,000 yomweyo, pomwe Texas ilibe msonkho wa pa malipiro, moti $21,000 ya boma ndi mzinda wa New York imatsala m'thumba ndipo lendi ndi yotsika. N'zoona, ndipo ngati kampani yanu ili ndi ofesi kumeneko ndi nkhani yoyenera kuiganizira patsogolo, koma mtundu wa ntchito ndi makasitomala zimasiyana, ndipo funso lanu ndi la New York.

Ndikanakhala inu, chaka choyamba ndikanatenga nyumba ya lendi yosapitirira $3,500, pa mgwirizano wa miyezi 12 yokha, pa mzere wa sitima wopita ku ofesi mwachindunji. Ngati ofesiyo ili kumunsi kwa Manhattan, Jersey City ikupambana pa zonse ziwiri, msonkho ndi ulendo. Ngati ili pafupi ndi Grand Central, $690 ija siikwanira kulipira kusintha sitima kawiri pa tsiku, ndipo ndikanasankha Long Island City kapena Upper East Side. Musanasaine chilichonse, pitani pakhomo pa ofesiyo tsiku la m'kati mwa sabata cha m'ma 11 koloko usiku, mukwere sitima mpaka kunyumba imene mukuifunayo, muwerenge mphindi zake, ndipo mubwerezenso ulendowo m'mawa cha m'ma 8 koloko pamene sitima zimadzaza.